Wa injini ndiye apatuke

Ife a mu Mtendere madzi amene tiwadziwa bwino ndi a m'zigubu, ndi aja a mvula amene amadzaza ngalande mu January. Koma ikafika Khisimasi kapena holide ya Independence timasonkha ndalama, n'kuhaya basi, ulendo wa ku Siavonga. Tikafika pa nyanja ya Kariba aliyense afuna kukwela sipidiboti, ndipo mau amene woyendetsa amamva kwa ife ndi amodzi cabe: thamangitsani! Palibe amene amafunsa kuti boti yathu ikakumana ndi kabwato ka msodzi, afunika kupatuka ndani.

Funso limeneli ndi lakale kuposa nyanja ya Kariba. Linayamba pamene sitima zoyendela nthunzi zinaculuka pa nyanja zimene kale zinali za ngalawa za matanga, zija zokankhidwa ndi mphepo. Ngalawa ya matanga siingakhote mmene ifunila, imamvela mphepo. Sitima ya injini ingakhote, ingacepetse liwilo, ingabwelele ngakhale m'mbuyo. Mu 1840 bungwe la Trinity House ku London linalemba malamulo a kapatukidwe, ndipo mu 1846 boma la Britain linaika ena mwa iwo m'lamulo la dziko. Mu 1863 Britain atagwilizana ndi France anatulutsa malamulo atsopano onena mosabisa kuti sitima ya nthunzi izipatukila ngalawa ya matanga. Pofika kumapeto kwa 1864 maiko opitilila 30 anali atawalandila. Amene agwila nchito pa nyanja zikuluzikulu masiku ano ndi a mu 1972, ochedwa COLREGs, amene anayamba kugwila nchito mu 1977, ndipo mfundo ija ikalimo pa lamulo nambala 18.

Cimene cimandikondweletsa m'lamuloli n'cakuti mtolo anausenzetsa wamphamvu. Ganizilani mmene zimakhalila pa msewu wa Alick Nkhata m'mawa: minibasi ikaliza hutala, wa njinga ndi wokankha wilibala ndiwo amalumphila m'ngalande. Pamadzi anazitembenuza. Wa injini apatukile wa matanga, ndipo onse awili apatukile amene ali ndi maukonde m'madzi, cifukwa iyeyo ndiye womangika kwambili.

Koma amene analemba zimenezi m'zaka za m'ma 1800 sanalote za boti yaing'ono youluka pamwamba pa madzi ngati mwala woponyedwa. Nkhani ya nyanja ya Windermere ku England ndiyo ionetsa bwino vutoli. Nyanjayo ndi yaing'ono, m'litali siifika makilomita 20. Pa 13 June 1930 Sir Henry Segrave anathamangitsapo boti yochedwa Miss England II pa liwilo la makilomita pafupifupi 158 pa ola, n'kuphwanya rekodi ya dziko lonse. Tsiku lomwelo botiyo inagubuduka. Ambili amakhulupilila kuti inagunda mtengo woyandama. Makanika wake Victor Halliwell anafa, ndipo Segrave nayenso anamwalila patangopita maola ocepa.

Imfa imeneyo siinaletse anthu. M'zaka zotsatila maboti othamanga anaculuka pa Windermere, ena akukoka anthu pa zingwe kumbuyo, pamadzi omwewo pamene panali ngalawa za matanga, opalasa ndi osambila. Mkangano unatenga zaka zambili. A maboti anati tilipila, tibweletsa ndalama ku mahotela, ndipo lamulo lopatuka tilidziwa. Enawo anati kupatuka kulibe phindu ngati munthu wakuona mocedwa. Mu 2000 boma linavomeleza malile a liwilo, mamailosi 10 pa ola, ndipo anapatsa a maboti zaka zisanu zokonzekela. Lamulo linayamba kuluma mu March 2005. Amalonda ena anadandaula kuti makasitomala athawa, ndipo dandaulo lao silinali lopanda pake. Ine ndiona kuti a matanga ndiwo ananena zoona, ndipo masamu awavomeleza. Boti yothamanga makilomita 60 pa ola imadya mamita pafupifupi 17 pa sekondi imodzi. Mukaona kabwato pa mtunda wa mamita 100, mwatsala ndi masekondi 6. Boti ilibe mabuleki.

Manje tibwelele kwathu. Kariba si nyanja yacilengedwe. Khoma linamalizidwa mu 1959, madzi anadzaza mu 1963, ndipo anthu a Citonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'cigwa ca Gwembe, mbali zonse ziwili za Zambezi. Madzi asanakwele, malo ena anagwetsa mitengo ndi macheni aakulu ndi mipila yacitsulo yokokedwa ndi mathilakita, kuti asodzi adzaponye maukonde bwino. Kwina konse nkhalango inamila ili ciimile. Mitengo ija ya mopane imene timaijambula dzuwa likamalowa ili ndi inzake imene siioneka, ndipo madzi akatsika, monga mmene anacitila zaka zacilala zija zimene zinatisiya mu mdima wa lodishedin'gi, zitsa zimayandikila pamwamba. Ca Segrave mwina cinali cipika cimodzi cabe.

Ndiye mu 1967 ndi 1968 anabweletsa kapenta kucokela ku nyanja ya Tanganyika, yemweyu amene timagula pa msika wa Mtendere. Kapenta amagwidwa usiku ndi magetsi, ndipo marigi ake ndi olemela, oyenda pang'onopang'ono, ukonde uli pansi. Amacoka kumtunda madzulo, nthawi imodzimodzi imene ife alendo tifuna kaulendo kothela ka pa boti, mutu utatentha kale ndi zakumwa. Ngalawa za matanga pa Kariba n'zocepa, sizili ngati za ku Likoma kapena Nkhotakota pa nyanja ya Malawi. Wofooka wa pa Kariba ndi rigi ya kapenta ndi kabwato kosema, kamene m'mphepete mwake muli pafupi kwambili ndi madzi. Sipidiboti siifunika kukagunda. Funde limene imasiya kumbuyo n'lokwanila kudzaza kabwatoko madzi, m'nyanja ya ng'ona, ife tili kutali tikuseka osadziwa n'komwe.

Zambia ili ndi lamulo lake la maboti a pa mitsinje ndi nyanja za mkati mwa dziko, Inland Waters Shipping Act, pakuti COLREGs analembela nyanja zamcele. Koma wopalasa ndi nkhafi ngakhale m'malamulo a 1972 aja amachulidwa pang'ono cabe. Lamulo nambala 25 limati akhale ndi tochi kapena nyali yoyela pafupi, aiyatse nthawi ikalipo kuti asagundidwe. Kwa msodzi wa ku Siavonga tochiyo mwina ndi ya pa foni, ndipo manja ake onse awili ali pa nkhafi.