Zida za mafizo: ntchito yake ndi komwe anthu a ku Chiringa angazipeze

Munthu amene wathyoka mwendo, wachitidwa opareshoni kapena wafa ziwalo chifukwa cha sitiroko sachira ndi mankhwala okha. Amafunikanso masewero olimbitsa thupi oyang'aniridwa ndi achipatala, omwe anthu ambiri amawatchula kuti mafizo, kuti ayambenso kuyenda ndi kugwira ntchito.

Nkhaniyi ndi yofunika ku Chiringa, dera la Mfumu Yaikulu Nazombe m'boma la Phalombe, komwe anthu ambiri amadalira khasu ndi njinga. Bomali lidakhudzidwa ndi madzi osefukira ochokera m'phiri la Michesi m'chaka cha 1991 komanso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, yemwe adavulaza anthu oposa 2,000 m'dziko muno. Wovulala akagona nthawi yaitali, minofu imafooka ndipo molumikizana mafupa mumauma.

Zida za mafizo zimathandiza m'njira ziwiri: kunyamulako thupi la wodwala pamene alibe mphamvu, ndi kulemetsa ntchito ya minofu pang'onopang'ono pamene akupeza bwino. Mapaipi awiri oyalidwa mofanana amagwiriridwa pophunziranso kuyenda. Chingwe chodutsa pa kagudumu chimathandiza kukweza mkono wofooka pokoka ndi mkono wabwino. Njinga yopalasa pamalo amodzi imafewetsa mawondo, pomwe mpira waukulu wokhalira umalimbitsa minofu ya m'mimba, ya m'chiuno ndi ya kumsana. Minofu imeneyi ndi imene imagwira msana kuti munthu akhale tsonga, aimirire kapena anyamule katundu osagwa.

Chida china chodziwika m'maiko akunja ndi Reformer, chomwe adachikonza ndi Joseph Pilates, mbadwa ya ku Germany ya m'chaka cha 1883, yemwe adatsegula malo ochitira masewero ku New York m'zaka za m'ma 1920. Chimaoneka ngati bedi lokhala ndi thabwa loyenda, lomangiriridwa ku masipiring'i. Munthu amagona kapena kugwada pa thabwalo n'kumalikankha ndi mapazi kapena kulikoka ndi zingwe, ndipo mphunzitsi amaonjezera kapena kuchotsa masipiring'i malinga ndi mphamvu za munthuyo. Chidachi n'chokwera mtengo, koma nzeru yake ndi yomweyo imene akatswiri a mafizo amatsata pogwiritsa ntchito malamba a mphira ndi timatumba ta mchenga.

Ku Malawi, bungwe la Malawi Against Physical Disabilities, lomwe lidayamba m'chaka cha 1979 ndi dzina loti Malawi Against Polio, ndi lomwe lidakhazikitsa malo a Kachere Rehabilitation Centre mumzinda wa Blantyre, kufupi ndi chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth. Ana a mavuto a mafupa amathandizidwa pachipatala cha Beit Cure, chomwe chidatsegulidwa m'chaka cha 2002 mumzinda womwewo. Maphunziro a digiri ya mafizo adayamba m'chaka cha 2010 ku College of Medicine, yomwe kuchokera mu 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences.

Wodwala wa ku Chiringa ayambire pachipatala chaching'ono cha m'dera lake, komwe angamutumize kuchipatala cha boma cha Phalombe, chomwe chidatsegulidwa m'chaka cha 2022, kapena cha mishoni cha Holy Family. Zikafunika, amatumizidwa ku Blantyre. Si bwino kuyamba masewero asanapimidwe, makamaka kwa amene fupa silinalumikizane, amene ali ndi bala la opareshoni kapena vuto la kuthamanga kwa magazi.

Mafizo ambiri amachitikira kunyumba, chifukwa ulendo wa ku Blantyre umafuna ndalama zambiri. Katswiri akaonetsa kachitidwe kake, achibale angathe kuzika mitengo iwiri yogwirira pabwalo, kumangirira malegeni ku mzati kapena kudzaza mchenga m'mabotolo. Masewero ochepa a tsiku ndi tsiku amapindulitsa kuposa ambiri a kamodzi pamwezi, ndipo ululu wobaya, chizungulire kapena kubanika ndi chizindikiro choti aleke n'kubwerera kuchipatala.

Kalembera wa m'chaka cha 2018 adapeza kuti anthu oposa 1.5 miliyoni a zaka 5 kupita m'tsogolo ali ndi ulumali m'dziko muno, ndipo lamulo latsopano loteteza anthu a ulumali lidakhazikitsidwa m'chaka cha 2024. Akuluakulu a kukhonsolo, alangizi a zaumoyo ndi mafumu ali ndi udindo wopeza odwala otere m'midzi ndi kuwatumiza kuchipatala msanga, popeza wodwala sitiroko amachira kwambiri m'miyezi yoyambirira, ndipo kuchedwa kungamsiye pamphasa moyo wake wonse.