Ng'oma za pa bwinja la kwa Chipepo

Adzukulu anga, mukaoloka mlatho wa Kafue n'kukhota pa Turnpike, msewu wa ku Chirundu umakwera ndi kutsika mapiri mpaka kukafika kuchigwa kotentha. Cha kumeneko kuli Lusitu. Atonga ambiri okhala kumeneko anachita kuwatula ndi malole.

Nkhaniyi anandiuza ndi mnzanga amene tinkagwira naye ntchito ku fakitale ya nsalu kuno ku Kafue m'zaka za m'ma 1970. Iye anabadwira kwa mfumu Chipepo, m'chigwa cha Gwembe. Azungu potseka Zambezi pa Kariba mu 1958, anthu pafupifupi 57,000 a tsidya lino ndi tsidya lija anawasamutsa. A kwa Chipepo anakana. Apolisi anaomba mfuti pa mudzi wa Chisamu, anthu 8 n'kufa, ndipo ena pafupifupi 6,000 anawatengera ku Lusitu.

Mitondo inakwera lole, nkhuku zinakwera. Manda anatsala. Midzi ya m'mbali mwa mtsinje inamira, nsonga za mapiri n'kusanduka zilumba. Mnzangayo ankati pa phiri lina panatsala bwinja limene madzi sanalifikire, mafuwa akadali pamoto pomwe amayi anawasiya. Masana pamangoyenda anyani. Koma usiku wopanda mwezi asodzi a kapenta amamva budima, ng'oma zamaliro za Atonga, pamodzi ndi malipenga a nyanga aja amati nyele. Akasendeza bwato chakufupi, ng'oma zimaleka, n'kuyambanso kumbuyo kwawo, pansi pa madzi. Ena amaonako moto, koma m'mawa phulusa osalipeza.

Anyamata a pafakitale ankaseka, amvekere ndi kachasu wa asodzi. Iye sankaseka. Ankati mzimu suzunza munthu chabe, umafuna mowa wake wa nsembe ndi kutchulidwa dzina. Nanga mzimuwo udziwa bwanji msewu wa ku Lusitu? Ndipotu zaka zoyambirirazo ku Lusitu kunafa anthu ambiri, makamaka amayi ndi ana. Achipatala ankafufuza matenda, akuluakulu ankaloza kumanda kumene anasiya.

Tsiku lina ndinamufunsa kuti, “Achimwene, inu ng'omazo munazimvapo ndi makutu anu?” Anandiyang'ana moipidwa. Anati iye bwato la pa Kariba sakwera, sangapalase pamutu pa agogo ake.