National WWII Museum: nyumba yosunga mbiri ya asilikali a ku America

National WWII Museum ndi nyumba yosungiramo mbiri ya asilikali a dziko la America amene anamenya nawo nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Nyumbayi ili mumzinda wa New Orleans, m'chigawo cha Louisiana. Anaitsekula pa 6 June 2000, patatha zaka 56 kuchokera tsiku limene asilikaliwo anatsikira ku Normandy, m'dziko la France. Mmodzi mwa oiyambitsa anali katswiri wa mbiri yakale, Stephen Ambrose.

Chimene chinachititsa kuti imangidwe mumzindawu ndi maboti. Kampani ya Andrew Higgins ya komweko inakhoma maboti oposa 20,000, kuphatikizapo amene anatsitsa asilikali pagombe la Normandy m'chaka cha 1944.

Mlendo akafika amalandira kakhadi kofanana ndi chizindikiro chimene msilikali amavala m'khosi. Kakhadiko kamamuthandiza kutsatira mbiri ya munthu mmodzi amene anakhalapodi, kuyambira m'bogi ya sitima ya pamtunda yonga imene inkanyamula achinyamata opita kunkhondo. Si onse amene anabwerera kwawo, ndipo mlendoyo amamva mathero a munthu wakeyo ulendo ukamapita kumapeto.

Mwa anthu a ku America oposa 16 miliyoni amene anatumikira pankhondoyo, oposa 400,000 anamwalira.