Mbiri ya kavalavu kogawa mawu pawiri

M'amplifaya zambiri zakale, mavalavu akuluakulu oyendetsa sipika amagwira ntchito awiriawiri: ina ikamakankha, inzake imakoka, ngati anthu awiri ocheka matabwa ndi sowo imodzi. Kuti zimenezi zitheke, mawu ayenera kugawidwa kaye pawiri, mbali imodzi itatembenuzidwa, koma zonse zili ndi mphamvu yofanana. Gawo lochita zimenezi amisiri amalitcha phase inverter. Poyamba ntchitoyi inali ya transifoma, chipangizo cholemera komanso chodula.

Mu 1936, Alan Blumlein, katswiri wa kampani ya EMI ku Britain, adalembetsa njira yolumikiza mavalavu awiri kumunsi kwake kudzera pa resistor imodzi yaikulu, moti magetsi akachuluka mwa ina amachepa mwa inzake. Njirayi imadziwika kuti long-tailed pair. Mwiniwake sadaone kutchuka kwake. Adafa mu June 1942, ali ndi zaka 38, ndege yankhondo imene ankayeseramo radar itagwa.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, D.T.N. Williamson adafalitsa amplifaya yake m'magazini ya Wireless World mu 1947. Iye adasankha njira ina, ya concertina: valavu imodzi yokha, mawu n'kutengedwa kumwamba ndi kumunsi kwake, pa ma resistor awiri ofanana ndendende. Leo Fender ku California adagwiritsa ntchito njira yomweyi mu amplifaya yake ya Deluxe ya 1955, koma mu Bassman ya 1958 mudali long-tailed pair. Bassman imeneyi ndi imene Jim Marshall ndi anzake adatsanzira ku London mu 1962 popanga JTM45, ndipo kulira kwa gitala kumene oimba rock adakukonda kudadzera pamenepo.

Kwa wokonza, mbiri imeneyi ndi chida cha ntchito, chifukwa lamulo la njira imodzi limawononga inzake. Mu concertina, ma resistor awiri aja akasiyana ndiye kuti pavuta. Mu Bassman, kumwamba kwa mavalavu awiri a long-tailed pair, mupezamo resistor ya 82k mbali ina, ya 100k mbali inayo, ndipo n'zadala: mbali yolandira mawu poyamba imakweza kwambiri, choncho adaichepetsera. Zimandipweteka kuona amplifaya yotere itasinthidwa ndi munthu wofuna kulinganiza zimene zidalinganizidwa kale. Mita nayonso imapusitsa. Mukaikhudzitsa pa grid ya long-tailed pair, polowera mawu m'valavu, iyo yomwe imabako magetsi n'kukuonetsani nambala yotsika, ndiye wosadziwa amayamba kuzula zinthu zabwinobwino. Amisiri odziwa amayamba ayeza ma plate awiri, kumwamba kwa mavalavu aja, n'kuyesapo valavu ina ya 12AX7 yodziwika kuti ili bwino, asanayatse n'komwe chowotcherera.

Matenda enieni ndi a ukalamba. Ma resistor akale a kaboni amakwera mlingo m'kupita kwa zaka, mbali imodzi n'kufooka, mawu n'kusasa. Oopsa kwambiri ndi ma capacitor awiri olumikiza gawoli ndi mavalavu akuluakulu. Ntchito yawo ndi kudutsitsa mawu n'kutsekereza magetsi amphamvu, koma akatopa amayamba kudontha. Mukayang'ana m'galasi la valavu yaikulu mumaona chitsulo chotuwa cha mkati chikufiira pang'onopang'ono. Pamenepo zimitsani msanga, chifukwa valavu ndi transifoma ya sipika zikhoza kupsera limodzi. Ndipo musapise dzanja mwamsanga: mkatimo mumayenda mavoti opitirira 400, ndipo ma capacitor akuluakulu amatha kuwasunga pulagi itazulidwa kale. Ayenera kukhuthulidwa kaye, mita n'kutsimikiza kuti atha.