Chitsiru Chidaomba Ng'oma: Mbiri ya Kuseka Odzikweza

Adzukulu anga, pali mwambi umene ndidauphunzitsa zaka zambiri ndisadaumvetse bwino: chitsiru chidaomba ng'oma, ochenjera navina. Ana a sukulu ndinkawauza kuti tanthauzo lake n'lakuti tisamapeputse munthu. Sindinkanama ayi. Koma ukalamba wandionetsa kuti mwambiwu ukusimbanso mbiri ya nthabwala zathu, pakuti kuno kwathu wofuna kuseka munthu wamatama ankayamba wadzitsitsa yekha.

Tiyambire pabwalo la gule. Amishoni a Dutch adafika ku Mvera m'chaka cha 1889, ndipo ansembe a Katolika adakhazikitsa mishoni ku Mua mu 1902. Onsewa adalimbana ndi Gule Wamkulu kwa zaka zambiri, namutcha chikunja. Eni gule sadangoyankha ndi mkwiyo wokha. Adatulutsa Simoni, chilombo cha nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, chitavala suti ya nsanza. Dzina lenilenilo adalitola m'tchalitchi. Taonani nzeru yake: pofuna kuseka suti ya bwana, chilombocho chidayenera kuvala sanza ndi kubulika m'fumbi anthu onse akuona. Wavala nsanza ungamulandenso chiyani? Gule yemweyo, amene adanyozedwa chotero, bungwe la UNESCO lidamulemekeza mu 2005.

Koma musaganize kuti ankasekedwa ndi mzungu yekha. Phunziro lenileni linkapita kwa ana a m'mudzi omwe ankatengera za eni: kalaliki wa pa boma woyenda ndi cholembera kukhutu, kapena mtchona wochokera ku Joni ndi Wenela, wobwera ndi chipewa, njinga ndi galamafoni, amene ankati Chichewa chamuthawa ndipo ankaitanitsa madzi m'Chilapalapa. Otere akulu ankawakumbutsa za Ndadziwakale uja adamanga nyumba yopanda khomo.

Pamenepa ndiulule. Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ndidafika kumudzi mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nditavala suti yakuda ndi tayi, ndipo ndidapereka moni m'Chingerezi. Agogo anga aakazi, amene ankanditcha "amuna anga" monga mwa chipongwe cha agogo ndi adzukulu, sadandidzudzule. Adagwada m'fumbi, naomba m'manja, nayamba kubwebweta Chingerezi chawochawo, mphuno atatsina. Mudzi wonse udafa ndi phwete. Amene adadzisandutsa chitsiru adali iwo, koma amene adavula jekete tsiku limenelo ndidali ine.

Nthawi ya Dr. Kamuzu Banda, kuyambira 1964 mpaka 1994, luso limeneli lidasanduka pothawira. Lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi masewero, ndipo sewero silinkaonetsedwa poyera popanda chilolezo. Mtsogoleri mwini wake ankavala suti ndi chipewa cha ku Mangalande, litchowa lili m'manja, nalankhula Chingerezi kwa anthu akumudzi kudzera mwa wotanthauzira. Simoni akadapeza zambiri zovina pamenepo, koma ndani akadayerekeza? Choncho nthabwala zidatsikira m'munsi. Masewero a pa wailesi ya MBC, monga Kapalepale ndi Pamajiga, ankaseka za m'banja ndi za kuntchito: mwamuna wodzitama, kabwana kodzimva. Omvera ankadzimalizira okha mumtima.

M'mwambo umenewu ndi mmene mudakulira Izeki ndi Jakobo, amene maina awo enieni adali John Nyanga ndi Eric Mabedi, a gulu la zisudzo la Kwathu. Wailesi ya kanema itayamba mu 1999, adalowa m'nyumba zambiri. Mphamvu yawo idali yakuti sankaopa kuoneka opusa. Izeki ankafunsa funso loti mwana sangafunse, anthu n'kumuseka, koma pobwerera kunyumba n'kuzindikira kuti funsolo lavula wina amene ankadziyesa wodziwa. A Nyanga adatisiya mu 2016, a Mabedi mu 2021.

Anyamata a nthabwala a lero ndimawaonera pa foni ya adzukulu, ndipo ena ali ndi luso ndithu. Chondidandaulitsa n'chakuti angapo amaima pamwamba, atatchena, n'kumaseka kalankhulidwe ka munthu wakumudzi, kapena Chingerezi chothyoka cha amene sadapite patali ndi sukulu. Kumeneko n'kutembenuza mkondo. Agogo anga adathyola Chingerezi kuti atsitse wophunzira. Awa akuchithyola kuti atsitse wosaphunzira, amene ali kale pansi. Paja anyani amasekana zikundu.

Suti ija ikadalipo m'bokosi, njenjete zitailawa m'mapewa. Chaka chatha mmodzi wa inu adadzaibwereka, ati akachitire sewero kusukulu. Nditafunsa kuti akakhala ndani m'seweromo, adayang'ana pansi nati: "Mphunzitsi wamkulu wodzimva, agogo." Ndidamubwereka ndi tayi yemwe.