Mödlareuth, kamudzi kogawidwa ndi khoma

Mödlareuth ndi kamudzi ka anthu pafupifupi 50 m'dziko la Germany, kumpoto kwa mzinda wa Hof. Pakati pake pamadutsa kamtsinje kotchedwa Tannbach, kakang'ono koti munthu n'kulumpha. Mu 1810 kamtsinjeka kanakhala malire a Bavaria, koma anthu sanalabadire: ana a matsidya onse ankaphunzira pasukulu imodzi.

Zinthu zinatembenuka nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945. Tsidya la Thuringia linagwa m'manja mwa Soviet Union, la Bavaria m'manja mwa America. Mu 1952 boma la East Germany linamanga mpanda wamatabwa, ndipo mu 1966 linaimika khoma lakonkire lotalika mamita 700, msinkhu wopitirira mamita atatu. Abale ankangoonerana patali, ndipo kwa okhala tsidya la East Germany ngakhale kupereka moni kunali koletsedwa. Asilikali a America anakatcha "Little Berlin".

Njira yodutsira inatsegulidwa pa 9 Disembala 1989, ndipo khomalo linagwetsedwa pa 17 Juni 1990, kupatula chigawo chimene anachisunga kuti alendo azidzaona. Mpaka lero matsidya awiriwa ali pansi pa makhonsolo osiyana, Töpen ndi Gefell, ndipo manambala awo apositi ndi osiyananso.