Za mgodi wa Kayelekera, ndi chifukwa chake ukutikhudza kuno kuchigwa

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndikufuna tikambe za mgodi umene uli kutali ndi kuno, makilomita pafupifupi 52 kumadzulo kwa tauni ya Karonga. Wina afunsa kuti za ku Karonga zikutikhudza bwanji ife a ku Chikwawa ndi Nsanje. Tatsegulani mapu. Mtsinje wa Sere umene uli pafupi ndi mgodiwo umathira mu North Rukuru, Rukuru amathira m'nyanja, ndipo nyanja yathuyi khomo lake lotulukira ndi limodzi basi, Shire. Ndi ulendo wautali, sindikuopseza munthu ayi. Komanso ku Thambani m'boma la Mwanza, kwa anansi athu, kampani ya Mkango Resources inapatsidwapo chilolezo chofufuza yureniyamu yemweyu.

Mwala wa ku Kayelekera anaupeza ndi a Central Electricity Generating Board a ku Britain mu 1982. Anaboola, anayeza, koma pofika 1992 anausiya poona kuti mtengo wa yureniyamu unali pansi. Paladin ya ku Australia inalowa mu 1998, ndipo mu February 2007 inasainirana mgwirizano ndi boma. Boma linatenga magawo 15 pa 100 aliwonse a mgodiwo, koma linatsitsa msonkho wa royalty kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 kwa zaka zitatu zoyamba, kenako 3. Mabungwe monga CHRR ndi Citizens for Justice anathamangira kukhoti, nkhani n'kuthera kunja kwa khoti chaka chomwecho. Bingu wa Mutharika anatsegula mgodi mu April 2009.

Apa ndi pamene ine mtima umandiwawa. Tinatsegula mgodi wa yureniyamu tili ndi lamulo la migodi la 1981, ndipo lamulo loyang'anira zinthu zotulutsa radiation, Atomic Energy Act, linabwera mu 2011, ntchito ili mkati kale. Mu 2015 bungwe la ActionAid linawerengera kuti dziko linataya madola pafupifupi 43 miliyoni m'zaka 6 chifukwa cha misonkho yochotseredwa ndi njira zina zimene kampani inkadutsitsira ndalama kunja. Tinene chilungamo, Paladin inamangira tauni ya Karonga malo oyeretsera madzi, ndipo anthu ambiri anapeza ntchito.

Anzanga a sayansi, auzeni ana izi. Mu tani yathunthu ya mwala, yureniyamu ndi pafupifupi kilogalamu imodzi yokha. Mwalawo amaugaya, n'kuuviika mu asidi wa sulphuric, n'kupatula ufa umene amautcha yellowcake. Ufawo unkapakidwa m'migolo, n'kupita pa malole kudzera ku Zambia mpaka ku doko la Walvis Bay ku Namibia. Zotsalazo, matope okhala ndi radium, sizikwera lole. Zimakhala pompo m'damu, kwa zaka zikwizikwi zikufuna woyang'anira. Ife amene tinaona madzi a mu January 2015 komanso Freddy mu March 2023 tikudziwa zimene mvula imachita ndi khoma la dothi.

Ngozi ya ku Fukushima ku Japan mu March 2011 inagwetsa mtengo, ndipo mu 2014 Paladin inaimitsa ntchito, zaka 5 zokha chitsegulire. Antchito mazanamazana anabwerera kwawo. A ku Nsanje mukukumbukira doko lija linatsegulidwa ndi nthungululu mu October 2010, sitima osabwera. Mu 2020 mgodi unagulitsidwa kwa Lotus Resources, nayonso ya ku Australia. Mgwirizano watsopano wa mu 2024 unabwezera royalty pa 5 peresenti, ndipo mu August 2025 yellowcake inayambanso kutuluka ku Kayelekera.